Tanthauzo ndi chiyambi cha mawu akuti madcap: mufufuze kuti?

Mawu akuti madcap si mawu omwe mungawamve tsiku ndi tsiku, ngakhale pakati pa eni Chingerezi. Amakonda kupezeka m'nyuzipepala za ku Britain ndi ku America, makamaka pofotokoza sewero loseketsa lodzaza ndi chipwirikiti, kapena pulani yomwe munthu wa mutu wabwino sangaiyambe n'komwe. Amanena za munthu kapena zochita zopupuluma, zosaopa ngozi, zachibwana, koma zoseketsa kuposa kukwiyitsa. Mphunzitsi, womasulira kapena wophunzira akakumana nawo amakhala ndi mafunso awiri: lero amatanthauza chiyani, ndipo anachokera kuti? Mafunso awiriwa sayankhidwa bwino pamalo amodzi, ndipo anthu ambiri amataya bandulo kapena ndalama chifukwa chofunsa funso lachiwiri kumene amangoyankha loyamba.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Pali zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa tikuwerengera ndi bandulo yomwe, chifukwa tsamba laulere lodzaza ndi zotsatsa malonda limadya ndalama mwakachetechete. Kupezeka kwake: kodi chimafuna netiweki nthawi zonse, khadi la ku banki, kapena foni yamphamvu? Kasamalidwe, komwe kali mbali ziwiri: ndani amakonza zolakwika ndi kuwonjezera zatsopano, ndipo inu mwini muyenera kuchita chiyani kuti chikhalitse. Chomaliza ndi chiopsezo, kutanthauza njira imene chinthucho chingakusocheretseni.

Kuti muyeze bwino, dziwani kaye yankho lomwe akatswiri amagwirizana. Mawuwa ndi ophatikiza awiri: mad, kutanthauza wamisala, ndi cap, chipewa. Koma apa chipewa chikuimira mutu womwe wachivala, choncho tanthauzo loyambirira ndi munthu wa mutu wamisala. Anayamba kuoneka m'zolemba cha m'ma 1580, nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba. William Shakespeare anawagwiritsa ntchito m'masewero angapo. Mu Henry IV, Part 1, lomwe linasindikizidwa mu 1598, chidakwa china chotchedwa Falstaff chikukakamiza mnzake Hal, mwana wa mfumu, kuti apite nawo kukabera apaulendo, ndipo Hal akuyankha kuti kamodzi kokha pa moyo wake akhalako madcap. Kutsogolo kwa sewerolo mdani wake Hotspur akumunyoza ndi mawu omwewo. Apa mukuona kuti kale kale mawuwa anali atasiya kunena za matenda a misala, akunena za mnyamata wosamva, wokonda zosangalatsa zoopsa. Njira iliyonse m'munsimu muiyeze ndi zinthu ziwiri: kodi ikukupatsani chaka, ndipo kodi ikukuonetsani pamene mawuwo analembedwa?

Dikishonale ya pepala ya ophunzira Chingerezi

Yodziwika kwambiri ndi Oxford Advanced Learner's Dictionary, yomwe inayamba ndi A. S. Hornby, mphunzitsi wa Chingerezi amene anagwira ntchito ku Japan. Oxford University Press inaisindikiza koyamba mu 1948, ndipo kope la nambala 10 linatuluka mu 2020.

Mtengo: mumalipira kamodzi basi. Yatsopano ndi yodula, koma yakale ya m'kaunjika wa mabuku imagwira ntchito chimodzimodzi pa mawu ngati awa, omwe sanasinthe tanthauzo posachedwapa.

Kupezeka: m'masitolo a mabuku, m'malaibulale a sukulu, ndiponso kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu. Magetsi azime, netiweki ithawe, iyo ili pomwepo.

Kasamalidwe: chiswe, chinyezi ndi obwereka osabweza. Mukaigula, simudzalandiranso mawu atsopano mpaka mutagula kope lina.

Chiopsezo: cholinga cha bukuli ndi kukuphunzitsani kagwiritsidwe ntchito ka mawu lero. Pa ichi palibe choiposa. Idzakuuzani kuti madcap masiku ano amaikidwa kutsogolo kwa dzina la chinthu, monga ulendo kapena pulani, ndipo idzakupatsani chitsanzo chachifupi choti mutengere. Za chaka cha 1580 ndi za chipewa choimira mutu, musayembekezere zambiri m'buku la pepala. Tsamba lake la pa intaneti, lomwe ndi laulere, ndilo limaikako kachidule ka chiyambi cha mawu ambiri. Chenjeraninso ndi makope achinyengo: mapepala opyapyala, zilembo zofufutika, masamba ena kusowa. Tsegulani pakati musanapereke ndalama.

Dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi

Ya Steven Paas, yomwe Oxford University Press inasindikiza mu 2016 ndi dzina lakuti Oxford Chichewa Dictionary, ndiyo yomwe ambiri amaidziwa. Mtengo ndi kasamalidwe n'chimodzimodzi ndi buku lina lililonse la pepala, ndipo imapezeka m'masitolo akuluakulu a mabuku. Ntchito yake ndi kukupatsani mawu ofanana m'zinenero ziwirizi, osati mbiri ya mawu a Chingerezi. Chiopsezo chake chili pa womasulira waphuma. Akangoona kuti mad ndi misala, n'kulemba kuti munthuyo ndi wamisala, wamunyoza munthu yemwe mlembi wa Chingerezi amangomuseka mwachikondi. Kutengera nkhaniyo, wopulupudza, wachibwana kapena wosaopa kanthu ndiye angakhale pafupi.

Merriam-Webster pa intaneti

Iyi ndi kampani ya ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Inachokera ku dikishonale ya Noah Webster ya mu 1828, yomwe abale awiri a banja la Merriam anagula umwini wake Webster atamwalira mu 1843.

Mtengo: tsamba ndi laulere, koma lili ndi zotsatsa malonda, zina zoyenda ngati kanema. Pa bandulo yaing'ono zimamveka.

Kupezeka: foni iliyonse yotsegula intaneti. Palinso pulogalamu yake ya pa foni.

Kasamalidwe: ali ndi akonzi olembedwa ntchito omwe amawonjezera mawu chaka ndi chaka. Inu palibe chochita.

Chiopsezo: kalembedwe ndi katchulidwe ndi ka ku America, pamene sukulu zathu zimatsatira ka ku Britain. Pa madcap palibe kusiyana, koma pa mawu ena kulipo. Ubwino wake waukulu ndi woti pansi pa mawu ambiri amaika chaka chomwe anaoneka koyamba m'zolemba. Koma chakachi anthu amachimva molakwika. Si chaka chomwe mawuwo anabadwa. Ndi chaka cha pepala lakale kwambiri lomwe akonzi apeza mpaka pano. Anthu amayamba kulankhula mawu m'misika ndi m'nyumba zomwera mowa, alembi n'kubwera pambuyo. Wina akapeza kalata yakale kuposa pamenepo, chakacho chimasunthidwa. Ndiye mukaona madikishonale awiri akusiyana ndi zaka zingapo, sikuti wina akunama.

Online Etymology Dictionary

Tsambali, lomwe ambiri amangoti Etymonline, analiyambitsa ndi Douglas Harper, wolemba mbiri wa ku Pennsylvania, mu 2001. Pa funso la chiyambi cha mawu, kwa munthu wamba, ine ndimaika ili patsogolo.

Mtengo: laulere, lokhala ndi zotsatsa malonda. Masamba ake ndi mawu okhaokha, choncho sadya bandulo kwambiri.

Kupezeka: pamafunika netiweki. Chingerezi chake ndi chothinana, chodzaza ndi zidule monga za Chilatini, Chifalansa chakale ndi Chingerezi chakale, ndiye tsiku loyamba mungazunguzike pang'ono.

Kasamalidwe: limakonzedwa pafupipafupi, koma ndi ntchito ya munthu mmodzi ndi omuthandiza ochepa, osati bungwe lalikulu. Harper sanabise kuti amasonkhanitsa zomwe zili m'mabuku a akatswiri monga Ernest Klein, Ernest Weekley ndi Robert Barnhart, komanso dikishonale yaikulu ya Oxford.

Chomwe chimakoma patsambali ndi kutsata ulusi. Mukatsegula madcap mupeza mzere umodzi kapena iwiri: zaka za m'ma 1580, mad ndi cap, chipewa choimira mutu. Mukadina pa cap mufika ku mawu a Chilatini akuti cappa, chovala chofunda kumutu. Mukafufuza zany, mawu ena a khalidwe lomweli, mupeza kuti anachokera ku Italy, ku dzina lakuti Zanni, momwe anthu a kumpoto kwa dzikolo ankatchulira Gianni, chidule cha Giovanni. Zanni anali wantchito wopusa m'masewero oseketsa a ku Italy otchedwa commedia dell'arte, yemwe ntchito yake inali kutsanzira bwana wake molakwitsa kuti anthu aseke. Mukafufuza harum-scarum, mawu a kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, muona kuti akuti mwina anachokera ku mawu awiri otanthauza kuopseza. Kamawu kakuti mwina kameneko ndi chizindikiro cha gwero lodalirika. Amene amadziwa za mbiri ya mawu sachita manyazi kukalemba.

Chiopsezo: tsambali lenilenilo limachenjeza kuti chiyambi cha mawu si tanthauzo lake. Amene angawerenge kuti madcap ndi mutu wamisala n'kuwagwiritsa ntchito ponena za wodwala, walakwitsa ndi zaka mazana anayi. Chachiwiri, kawirikawiri silikuonetsani chiganizo chenicheni cha m'buku lakale, limangotchula nyengo. Pa macheza ndi m'kalasi ya sekondale n'zokwanira. Pa pepala la ku yunivesite, aphunzitsi ena sangalilandire ngati gwero lokha.

Wiktionary

Ndi mbale wake wa Wikipedia, inayamba mu December 2002, ndipo amailemba ndi anthu ongodzipereka. Mtengo: yaulere, yopanda zotsatsa malonda, ndiye pa bandulo ndiyo yopepuka kuposa zonse. Kupezeka: pa intaneti, koma ili ndi mwayi winanso. Ndi pulogalamu ya Kiwix mukhoza kuikopera yonse pa kompyuta kapena pa memore khadi n'kumaiwerenga popanda netiweki. Failo yake ndi ya magigabayiti angapo, ndiye koperani pamene pali Wi-Fi. Kwa sukulu ya kumudzi yomwe ili ndi kompyuta imodzi, ichi si chinthu chaching'ono. Kasamalidwe: kope lomwe mwakopera limakalamba, muyenera kumakoperanso pakapita nthawi. Chiopsezo: aliyense akhoza kusintha tsamba. Mawu otchuka amayang'aniridwa ndi anthu ambiri, koma mawu osowa akhoza kukhala ndi cholakwika kwa nthawi yaitali osaonedwa. Ngati pansi pa tsamba atchula buku lomwe atengamo, khulupirirani. Ngati palibe, yerekezani ndi kwina.

Oxford English Dictionary

Iyi ndiye nkhokwe yomwe enawa amatapamo. Musaisokoneze ndi madikishonale ena okhala ndi dzina la Oxford omwe ali m'masukulu. Ganizo lake linayamba mu 1857 ku bungwe la Philological Society ku London. James Murray anakhala mkonzi wamkulu mu 1879, gawo loyamba linatuluka mu 1884, ndipo ntchito yonse inatha mu 1928, Murray atamwalira kale mu 1915. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere: anthu ongodzipereka ankawerenga mabuku akale, akapeza mawu n'kulemba pa kapepala kakang'ono mawuwo, chiganizo chonse, dzina la buku, chaka ndi tsamba, n'kutumiza pa positi. Murray ankasunga timapepalati m'timabokosi m'kanyumba ka malata komwe anamanga kuseri kwa nyumba yake. N'chifukwa chake mpaka lero tanthauzo lililonse mu dikishonaleyi limabwera ndi mndandanda wa ziganizo zenizeni, kuyambira chakale kwambiri kufika cha posachedwa. Pa madcap simungouzidwa kuti tanthauzo linafewa. Mumaona nokha, chiganizo ndi chiganizo, momwe linachokera pa misala kufika pa chibwana.

Mtengo: kulembetsa panokha pa intaneti kwakhala pafupifupi mapaundi 100 kapena madola 100 pa chaka m'zaka zaposachedwa. Kope la pepala la mu 1989 ndi mabuku 20, masamba oposa 21,000, ndipo si la munthu wamba. Kwa amene ali ku Malawi, vuto si mtengo wokha komanso kupeza khadi lotha kulipira ndalama zakunja.

Kupezeka: osalipira amaona kachidule chabe, monga nyengo yomwe mawu anaoneka koyamba, koma ziganizo zonse n'zotsekedwa. Mayunivesite ena amalipirira ophunzira awo, ndiye funsani ku laibulale musanatulutse ndalama zanu. Abale athu okhala ku Britain ali ndi mwayi: malaibulale ambiri a boma kumeneko analembetsa, ndipo nambala ya khadi la laibulale, lomwe ndi laulere, imatsegula dikishonale yonse muli kunyumba.

Kasamalidwe: akonzi amatulutsa zosintha kanayi pa chaka. Koma dikishonaleyi ndi yaikulu moti kukonzanso kwake sikunathe, ndipo mawu ena akadali ndi zolemba za nthawi ya Murray. Tsamba lililonse limasonyeza chaka chomwe linakonzedwa, muziyang'ana. Pamene ntchito yokonzanso inayamba kuikidwa pa intaneti mu March 2000, sanayambire pa A koma pa M, ndipo gawo loyambalo linali kuchokera pa M kufika pa mawu akuti mahurat. Madcap ali m'gawo limenelo.

Chiopsezo: matanthauzo amasanjidwa motsata zaka, lakale kwambiri pamwamba. Wofulumira amatenga loyambalo, lomwe nthawi zina linafa kale, n'kuganiza kuti ndilo la lero. Chinanso ndi kulipira chaka chonse chifukwa cha mawu amodzi, kenako kuiwala kuletsa, khadi n'kudulidwanso.

Mapulogalamu ocheza nawo a AI

ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo mu April 2024 Meta AI inafika mu WhatsApp m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa.

Mtengo: pa mafunso ngati awa, aulere. Kupezeka: palibe chophweka kuposa apa, mumangolemba funso ngati mukulembera mnzanu, ndipo mukhoza kupempha kuti akufotokozereni m'Chingerezi chosavuta kapena akupangireni ziganizo zisanu zochitira chitsanzo. Kasamalidwe: inu mulibe ntchito, koma palibenso mkonzi yemwe anawerenga yankho lomwe mwalandira. Funsani kawiri, mayankho akhoza kusiyana.

Chiopsezo ndiye chachikulu, ndipo chagona penipeni pa funso lathu. Pa mawu odziwika amayankha bwino kawirikawiri. Koma akasowa chonena amakhala ngati munthu amene mwamufunsa njira, sakuidziwa, koma pochita manyazi akukulozerani molimba mtima kuthengo. Amatha kupeka chaka, dzina la buku, ngakhale chiganizo cha mlembi yemwe sanalembe zimenezo. Ndipo mbiri ya mawu ndi malo omwe nthano zabodza zimakoma kuposa zoona. Chitsanzo: popeza madcap muli chipewa ndi misala, n'kosavuta kuwalumikiza ndi osoka zipewa a ku Ulaya omwe ankadwala manjenje ndi kusokonezeka mutu chifukwa cha mankhwala a poizoni otchedwa mercury ogwiritsidwa ntchito pokonza ubweya. Matendawo analipodi, ndipo ambiri amati ndiko kunachokera mwambi wa Chingerezi wonena za misala ya wosoka zipewa. Koma mwambiwo umaoneka m'zolemba m'zaka za m'ma 1800, pamene madcap anali atakhalapo kale zaka zoposa 200. Chaka chokha chikugwetsa nthanoyo. N'chimodzimodzi ndi nkhani yofala yoti mawu akuti posh, onena za zinthu zapamwamba, ndi chidule cha zilembo zolembedwa pa matikiti a sitima zopita ku India: palibe tikiti yotero yomwe inapezekapo. Nkhani zoterezi zili mbwee pa intaneti, ndipo mapulogalamuwa anaphunzira kuchokera ku intaneti yomweyo. Yankho lawo litengeni ngati poyambira, chaka ndi dzina la buku mukatsimikize kwina.

Ndani asankhe chiyani

Wophunzira wa sekondale amene akungofuna kumva ndime ndi kulemba chiganizo cholondola: dikishonale ya ophunzira, ya pepala kapena tsamba lake laulere. Zina zonsezi zingomuchedwetsa.

Mphunzitsi amene akufuna kukometsa phunziro ndi mbiri ya mawu: Etymonline pa chiyambi, Merriam-Webster potsimikiza chaka. Zonse ziwiri n'zaulere, ndipo zikagwirizana mukhoza kuimirira kutsogolo kwa kalasi opanda mantha. Ngati sukulu ili komwe netiweki ndi yovuta, Wiktionary ya pa Kiwix pamodzi ndi buku la pepala.

Womasulira: yambani ndi dikishonale ya ophunzira kuti mumve ngati mawuwo ndi onyoza, achikondi kapena ongoseka, kenako tsegulani ya Chichewa ndi Chingerezi posaka mawu oyenera. Chiyambi cha mawu chikuthandizeni kumvetsa, koma musachimasulire. Ngati mukumasulira zolemba zakale, za nthawi ya Shakespeare kapena za amishonale a m'ma 1800, pamenepo Oxford English Dictionary ndi yofunika, chifukwa ndiyo yokha ingakuuzeni zomwe mawuwo ankatanthauza m'chaka chomwe analembedwa.

Wophunzira wa ku yunivesite kapena wolemba nkhani yoti isindikizidwe: Oxford English Dictionary, kudzera ku laibulale ngati n'kotheka. Ngati mukufuna mawu amodzi kapena awiri okha, pemphani mnzanu yemwe ali ndi mwayi wolowamo akuwerengereni, osati kulipira chaka chonse. Kulembetsa panokha kumapindulira munthu yemwe ntchito yake ya mlungu ndi mlungu ndi mawu a Chingerezi ndi mbiri yake.

Amene mwangotsutsana pa gulu la WhatsApp: funsani AI yomwe ili pomwepo, koma musanatumize yankho lake kwa anthu makumi asanu, tsegulani Etymonline muone ngati chaka chikugwirizana.